Ulendo wa ku Meroe, Kumene Agona Mafumu a Kush

Palibe mwana wa sukulu amene sanamva dzina la Egypt, dziko lija owerenga Buku Lopatulika alidziwa ndi dzina lakuti Aigupto. Ndipo munthu akachula mapiramidi, mitima ya onse ithamangira komweko. Koma kum'mwera kwace, m'cipululu ca Sudan, muli mapiramidi oposa 200, ndiwo ocuruka koposa a m'Egypt monse, ndipo anawamanga ndiwo mafumu a Kush, kapena kuti Kusi. Mbiri yace tinaimva kale, mtima ndi kulakalaka, koma mpata unasoweka kufikira mwezi wa December, caka ca 2019, pamene tinapezana anthu anai m'mudzi wa Aswan, tiri ndi masabata awiri opumula ndi ndalama zosafikira mtengo wa ndege. Pamenepo tinapangana kuti timuke pa mseu. Zimene tinaziona tifuna kuzifotokoza kwa inu, abale owerenga, makamaka popeza zina mwa izo nkhondo yazimwaza cicokere ife.

Kucokera ku Aswan kufikira ku Abu Simbel ndi makilomita ngati 280, ndipo m'njira yonseyo simuona mudzi kapena mbuzi. Ndi mcenga ndi miyala, ndi mseu wakuda woongoka ngati cingwe. Za kacisi wa Ramesses II ambiri analemba kale, ndipo ife sitidzacurutsa mau. Mafano anai a mfumuyo, osemedwa m'thanthwe, akhala pakhomo, msinkhu wao mamita 20. Anawaika pamenepo zaka zoposa 3,200 zapitazo, kuti munthu wa kum'mwera, pakutsika ndi mtsinje, aone ukulu wa Farao nacite mantha. Cimene ife tinazizwa naco ndi ici, cakuti kacisiyo sali pamalo pace. Pamene anamanga damu lalikuru la Aswan, m'zaka za 1960 kufikira 1970, madzi a Nile anabwerera m'mbuyo nasanduka nyanja yotalika makilomita pafupifupi 500, yotsala pang'ono kulingana ndi nyanja yathu. Maiko ambiri anasonkha ndalama pa pempho la UNESCO, ndipo kuyambira 1964 kufikira 1968 amisiri anaceka kacisi yense zidutswa mazana ambiri, nazikweza mamita 65, nazilumikizanso pa phiri lounjika anthu. Mukayandikira nkhope ya mfumu muona timizere tating'ono m'mene munapita maceka.

M'mawa mwace basi ya ku Wadi Halfa inatipeza padooko, nikwera m'combo cacitsulo pamodzi ndi magalimoto a katundu, ndipo tinaoloka nyanjayo ora limodzi. Kutsidya lija kuli cipata ca malire, cimene a Egypt acicha Qustul ndi a Sudan Ashkeet. Cinatsegulidwa caka ca 2014. Kale apaulendo anayenda ndi sitima ya pamadzi, imene inacoka ku Aswan kamodzi pa sabata nigona usiku panyanja. Malirewo ndi mzere umene Angelezi ndi boma la Egypt anapangana papepala caka ca 1899, wosatsata phiri kapena mtsinje. Ndipo unadula pakati mtundu wa Anubia, kotero kuti m'basi mwathu munali anthu ambiri amene anayenera kuonetsa ziphaso kuti akaceze kwa mlongo wao, kapena kukalira maliro a mbale.

Katundu yense anatsitsidwa kawiri, kuno ndi uko: mafiriji, miphika, mabulangete, matumba a zobvala, ndi njinga za ana. Nchitoyo inatha dzuwa litapendeka. Nthawi imeneyo sitiiyesa yotayika, pakuti m'menemo tinayamba kuwadziwa anthu a dzikolo. Mai wina wokalamba, ataona kuti kamba wathu watha, anamasula mfundo ya nsaru yace natigawira zipatso zouma za kanjedza. Ndipo anatipatsa monga apatsira nsima mai wa kwathu, osafunsa dzina, ndi kuyang'anira kufikira tadya.

Ku Wadi Halfa tinapangana ndi mwini galimoto kuti atiperekeze kufikira ku Khartoum. Anali bambo a imvi, Mnubia wa komweko, odziwa Cingelezi pang'ono. Tinawacha ammi, ndiko kunena mbale wa atate, monga atero anyamata a kumeneko polankhula ndi wamkuru, ndipo iwo anaticha ana ao. Madzulo a tsiku loyamba anatitengera kugombe, naloza pakati pa madzi, nati, "Ana anga, Halfa ndi uyo, uno mugonamo lero ndi msasa cabe."

Mudzi wakale wa Halfa, wa misika ndi minda ya akanjedza, unamira caka ca 1964, bambowo ali ndi zaka 7. Anubia a ku Sudan ngati 50,000 anakwezedwa sitima ya pamtunda kumka ku Khashm el-Girba, kutali kum'mwera cakum'mawa, pa mtsinje wa Atbara, dziko la mvula ndi mabingu, zimene ana obadwira m'cipululu sanazidziwa. Ndi ena ocuruka comweco a mbali ya Egypt anasamutsidwira ku Kom Ombo. Koma mabanja ena anakana kucoka, ndipo atate a bambowo anali mwa iwo. Madzi akafika pakhomo, anapasula msasa naumanga pamtunda; akafikanso, napasulanso; ndipo mudzi wa lero unaphuka mwa kuuma khosi kwa anthu amenewo. Anatiuza kuti nsanja ya mzikiti inakhala iri kuoneka pamwamba pa madzi nthawi ndithu, ndi kuti amuna anali kukhala pagombe madzulo ndi kuiyang'ana osanena kanthu.

Tinawafunsa kuti, "Ammi, kodi inu munakamuona kacisi uja anamkweza paphiri?" Anati, "Ndinakamuona, ngwokoma. Miyala yace anailemba manambala umodzi umodzi kuti ungatayike. Koma manda a agogo anga sanawalemba nambala." Mauwa tinayenda nao ulendo wonse. Sitinena kuti anacimwa amene anapulumutsa kacisi. Akadamira, dziko lonse likadasauka. Sitinenanso kuti damulo liribe phindu, pakuti lapatsa Egypt magetsi, ndi madzi a m'zaka za cilala. Koma tiganiza kuti nkwapafupi kusonkhetsa maiko ndalama za mwala wosema, kusiyana ndi kuwamvetsa kulira kwa munthu wamoyo wa m'mudzi wosachuka.

Kucokera ku Halfa mseu ulowa m'dziko limene Aarabu alicha Batn el-Hajar, ndiko kuti mimba ya miyala: mapiri akuda ngati makala, osamera kanthu, ndi mtsinje uoneka mwa kamodzi kamodzi pakati pa matanthwe. Kumene mseu uyandikira Nile muona kamzere kobiriwira ka akanjedza ndi nyemba ndi tirigu, kupingasa kwace pena kosafikira bwalo la mpira, ndi kuseri kwace nyumba zadothi za zitseko zopaka utoto. Pakhomo pa midzi, ndi pena pakati pa cipululu peni peni, pali kamthunzi ndi mitsuko ikuruikuru yodzala ndi madzi, ndi cikho comangirira pacingwe. Mitsukoyo aicha zir. Madzi acuca pang'ono m'dothi lace, ndipo mphepo powaumitsa iziziritsa a m'kati. Palibe wolonda, palibe wolipiritsa. Banja lina liidzaza m'mawa uli wonse cifukwa ca mlendo amene silidzamuona nkhope. Panjira tinakomananso ndi anyamata ambiri okwera pamwamba pa magalimoto, nkhope zokulunga m'nsaru, onyamula makina ofunira golidi pansi. Pakuti cipululu cimene cinalemeretsa Afarao cikali kuitana anthu. Cakudya cathu masiku onse cinali ful, ndizo nyemba zophika usiku wonse ndi kuthira mafuta, ndi mkate, ndi tiyi wotsekemera kwambiri amene amai agulitsa pansi pa mitengo.

Tsiku laciwiri tinafika ku Kerma, pafupi ndi mathithi acitatu a Nile. Pakati pa mabwinja a mudzi paima cimulu ca njerwa zosaocha, msinkhu wace mamita 18, cimene acicha Deffufa. Cinali kacisi, ndipo munthu akwera pamwamba pace ndi makwerero a m'kati. Ufumu wa Kerma unakhala kuyambira ngati 2500 B.C. kufikira ngati 1500 B.C., pamene Thutmose I anaugonjetsa. George Reisner wa ku America, amene anakumba pamenepo m'zaka za 1913 kufikira 1916, anali munthu wa khama ndi wosamala miyeso. Koma atapeza mafano a ku Egypt m'manda, anagamula kuti mudziwo unali boma la akazembe a Farao, pakuti sanakhulupirira kuti anthu akuda akadamanga zotere paokha. Charles Bonnet wa ku Switzerland, amene anayamba nchito yace komweko caka ca 1977, anaonetsa kuti mudziwo ngwa eni dziko, ndipo kwadziwika kuti mafano aja anali zofunkha za kunkhondo. Caka ca 2003 anapeza dzenje, m'menemo mafano 7 a mafumu a Kush a m'zaka za pambuyo pace, othyoka koma oikidwa mosamala; tinawaona ataimikidwanso m'nyumba ya zakale ya pomwepo, amwala wakuda, ndi njoka ziwiri pamphumi, cizindikiro ca ufumu wao. Tisabise cinthu cina: m'manda a mafumu a Kerma munapezeka mafupa a anthu mazana, amene anaikidwa pamodzi ndi mbuye wao. Wonyadira ukulu wa makolo a mu Africa ayenera kusenza ici comwe, osasankha zokoma zokha.

Titapitirira Dongola tinadula cipululu kumka ku Karima. Kumeneko Nile akhota ngati mbedza, ndipo madzi ace ayenda cobwerera kum'mwera cakumadzulo, cinthu cimene cisokoneza mlendo wofuna kudziwa kumene kuli kumpoto. Pafupi ndi mudzi paima phiri lokha lokha, pamwamba pace posalala ngati gome, mamita ngati 100, ndilo Jebel Barkal. Akale anati ndimo mokhala Amun, mulungu wao, ndi cipilala ca thanthwe copatuka kumbali kwace anaciona ngati njoka yoimika mutu, yonga ya pa cisoti ca mfumu. Patsinde pace panali mudzi wa Napata. Kucokera pano mfumu Piye anatsika ndi ngalawa zace, ngati caka ca 727 B.C., nagonjetsa Egypt. Ndipo iye ndi olowa m'malo mwace analamulira maiko awiriwo zaka zoposa 60. Cotero anthu aja Ramesses anafuna kuwaopsa ndi mafano anadzakhala pa mpando wa Farao.

Pa mwala wa mbiri ya nkhondoyo, umene uli ku Cairo, palembedwa kanthu kena kotikondweretsa. Atalowa m'mudzi wa Hermopolis umene anauzinga, Piye anamka kukhola, napeza akavalo ataonda ndi njala. Ndipo anadzudzula mfumu yogonjayo, kuti ici camuwawa mtima koposa zolakwa zace zina. Wina angati ndi mau a mlembi wofuna kukometsa mbuye wace; koma ku el-Kurru, kumene anaikidwa Piye ndi ena a banja lace, Reisner anapeza manda 24 a akavalo, oikidwa ciriri, obvala mikanda. Komweko mlonda anatitsegulira citseko, natitsogolera ndi nyali kutsikira m'manda a Tanutamun, m'mene denga lace likali lobiriwira ndi nyenyezi zolembedwa zaka zoposa 2,600 zapitazo. Wochuka koposa m'banjali ndiye Taharqa, amene analamulira kuyambira 690 kufikira 664 B.C., ndi amene owerenga buku laciwiri la Mafumu ndi la Yesaya amdziwa kuti Tirihaka, uja anaturukira Asuri m'masiku a Hezekiya. Asuriwo anamlanda Memphis caka ca 671 B.C., ndipo potsiriza anabwerera kwao, naikidwa ku Nuri, kutsidya kwa mtsinje, pansi pa piramidi yaikuru koposa zonse za m'Sudan. Tinakwera phirilo dzuwa liri kulowa, pamodzi ndi mabanja a ku Karima odzapola mphepo. Ndipo potsika tinatsata ana ao, amene atsetsereka ndi mcenga wa kumbali kwace cothamanga, akupfuula.

Owerenga asasokoneze maina awiri: Merowe ndi mudzi wa lero woyang'anana ndi Karima, koma Meroe ndi mabwinja a kutali kum'mwera. Kumtunda kwa Merowe anamanga damu lina, lotsirizidwa caka ca 2009, ndipo anthu zikwi zambiri a pa mathithi acinai anasamutsidwa. Podutsa pa mphambano ya kudamuko bambo aja anangopukusa mutu, nati, "Kawiri." Za cipululu ca Bayuda tingonena kuti tinacidula tsiku limodzi, ndi kuti tinaima pa citsime cina cakuya, pamene buru anali kukoka cingwe ndi kuyenda naco kutali, ngamila ndi mbuzi ziri kulindira.

Titaoloka Nile pafupi ndi Atbara, ndi kutsata mseu wa ku Khartoum makilomita ngati 100, tinawaona mwadzidzidzi kudzanja lamanzere, ali ndanda pa citunda ca mcenga wofiirira, mitu yao yoduka ngati mano a nkhalamba. Panalibe khamu, panalibe misika. Kanyumba ka matikiti kokha, amuna atatu ndi ngamila zao, ndi ana ogulitsa timapiramidi tamwala. Amene anazolowera zithunzi za ku Giza adzati ngang'ono, pakuti yaikuru ya pano sipitirira mamita 30. Koma ngocuruka, ngoimirira kwambiri m'mbali, ndipo munthu ayenda pakati pao yekha, akumva mphepo ndi mapazi ace. Mtembo suli m'kati mwa piramidi ai. Anakumba cipinda m'thanthwe pansi, cotsikira ndi makwerero, ndipo pamwamba pace anamanga khungu la miyala yosema, nadzaza m'kati ndi zidutswa za miyala. Ndi kum'mawa kwace anaikako kakacisi koperekera nsembe. Friedrich Hinkel, mmisiri wa ku Germany amene anakonza ena mwa iwo kuyambira 1976, anapeza zotsala za mtengo woimika pakati, nazindikira kuti anakweza miyala ndi mtanda wolemera kumbuyo, wonga uja atungira madzi alimi a m'mbali mwa Nile. Ndipo popeza mtandawo sufika patali, makoma anayenera kuimirira. Mafumu anaikidwa pano kuyambira ngati 270 B.C. kufikira ngati 350 A.D., ndizo zaka 600.

Pamakoma a timakacisi timeneto muona akazi ojincha, obvala mikanda ndi zibangiri, ena atakhala pa mpando, ena atagwira cingwe ca adani omangidwa. Awa ndiwo a Kandake. Pakuti Kandake si dzina la munthu mmodzi, koma udindo wa mai wacifumu, ndipo ena a iwo analamulira okha. Mdindo uja wosunga cuma ca Kandake, amene Filipo anakomana naye pa njira ya ku Gaza m'buku la Macitidwe, kwao kunali kuno. Dziko limene Ahelene analicha Aitiopiya ndi lino, si Ethiopia wa lero. Ngati caka ca 25 B.C. ankhondo a Kush anathira nkhondo Aswan, amene anali m'manja mwa Aroma, natenga mafano a Kaisara Augustus. Kazembe Petronius anabwezera, napasula Napata. Koma Kandake, amene ophunzira ati ndiye Amanirenas, ndi amene Strabo analemba kuti anali wa diso limodzi, sanagonja, ndipo pa pangano la ku Samos, ngati caka ca 21 B.C., Kaisara anawakhululukira msonkho. Caka ca 1910 John Garstang anapeza mutu wamkuwa wa Augustus utakwiriridwa pansi pa makwerero a kacisi ku Meroe, kuti yense wolowa apondepo. Mutuwo uli ku British Museum, maso ace onse awiri ali momwemo. Ausunga bwino cotero ndi mcenga umene adani ace anaufotsera mwa cipongwe.

Tinaima nthawi yaitali pa mulu wa miyala umene unali piramidi ya Kandake Amanishakheto. Frédéric Cailliaud wa ku France anaijambula caka ca 1821 iri pafupifupi yamphumphu, yokongola koposa zinzace. Caka ca 1834 kunadza Giuseppe Ferlini, sing'anga wa ku Bologna amene anatumikira m'gulu la nkhondo la Egypt. Analemba anchito, naigumula kuyambira pamwamba, pofuna golidi. Ndipo anampeza: mphete, zibangiri, ndi zokometsera zina za nchito yosalala. Atafika nazo ku Ulaya anasowa wogula poyamba, pakuti anthu anakayika kuti zokoma zotere zingacokere m'kati mwa Africa. Pambuyo pace Ludwig I, mfumu ya Bavaria, anagula gao lina, ndi lotsala linamka ku Berlin caka ca 1844. Sikuti mitu yonse yodukayo anaidula iye. Mphepo ndi zaka ndi akuba akale anacita zao. Koma iyi inapirira zaka 1,800, nigwa ndi umbombo wa munthu mmodzi. Titawafotokozera bambo aja, anati, "Nanga mwana wa ku Shendi akafuna kuona mphete ya agogo ace, ciphaso ca ku Munich acitenga kuti?" Sitinawayankha.

Kumudzi weni weni, pafupi ndi mtsinje, kuli milu yakuda imene munthu angaiyese zulu. Koma mukatola kamwala kace muzindikira kuti ndi mphala ya citsulo, zotsala za m'ng'anjo, ndipo njanji ya sitima idula pakati pa mulu umodzi. Amene anaona ng'anjo zakale za ku Kasungu adzadziwa nchito yace, ndi makala amene inadya.

Koma cimene catsalira mumtima koposa ndico zilembo. Anthu a Meroe analeka kulemba m'cinenero ca Egypt, napanga zilembo zao 23, zaka 200 kapena 300 Kristu asanabadwe, ndi timadontho tolekanitsa mau. F. Ll. Griffith wa ku Oxford anazindikira kamvekedwe ka cilembo ciri conse, nalengeza nchito yace caka ca 1911, kotero kuti wophunzira akhoza kuwerenga mokweza zolembedwa pamiyalapo. Koma tanthauzo la mau ambiri likali lotsekeka, popeza cinenero cimeneco cinafa. Ali ngati mwana wodziwa a, e, i, o, u, amene mwampatsa buku la Cilatini. Zolembedwa ngati 2,000 zapezeka, ndipo Claude Rilly wa ku France waonetsa kuti cinenero cace ncacibale ndi Cinubia, ndi mau alikumveka pang'ono pang'ono. Zomveka bwino ndizo za pamanda. Ziyamba ndi kuitana Isis ndi Osiris. Zichula wakufayo, ndi dzina la amace, ndi la atate wace pambuyo. Ndipo zimpemphera madzi ambiri ndi mkate wambiri. Madzi ndi ato, mkate ndi at. Koma mwala wautali wa ku Hamadab, umene uchula Amanirenas, ndi umene ophunzira aganiza kuti ufotokoza nkhondo ya Aroma monga eni ace anaionera, sunamasulidwa. Cifukwa cace mbiri ya mai ameneyo tiimva m'kamwa mwa adani ace okha. Ife amene cinenero cathu cinayamba kulembedwa m'mabuku zaka zosafikira 200 zapitazo, tinaima pamenepo cete, poona kuti anthu akhoza kukhala ndi zilembo zao zaka zoposa 500, kuzizokota m'mwala, ndipo mau ao natayikabe atasoweka ana owalankhula.

Ku Khartoum tinatsazikana ndi bambo aja, tinamka ku nyumba yaikuru ya zakale, imene inatsegulidwa caka ca 1971. M'munda wace munali akacisi a Buhen, Semna ndi Kumma, amene anawacotsa madzi asanafike. Ndi m'cipinda capamwamba zithunzi za pakhoma la chalichi ca Faras, za m'zaka zija Anubia anali Akristu, zimene Kazimierz Michałowski wa ku Poland ndi anzace anazimatula m'zaka za 1961 kufikira 1964.

Pa 15 April 2023 nkhondo inabuka pakati pa asilikari a boma ndi gulu la Rapid Support Forces, ndipo imodzi mwa ndeu zoyamba inali pa bwalo la ndege la Merowe. Anthu oposa 10 miliyoni anathawa m'nyumba zao. Zikwi zambiri anaunjikana ku Wadi Halfa, akugona m'masukulu, m'mizikiti ndi m'miseu, kulindira cilolezo colowera m'Egypt. Ndipo m'mwezi wa May caka comweco bambo aja anatitumizira mau kuti pabwalo pao pagona mabanja atatu a ku Khartoum, ndi kuti mitsuko ya pakhomo alikuidzaza katatu pa tsiku. Nyumba ya zakale inakhala kunja kwa manja a osunga ace kufikira March 2025. Pobwerera iwo anapeza magalasi osweka, ndi cipinda cosungira golidi cathyoledwa, mulibe kanthu. Golidi wa Amanishakheto ali cikhalire ku Munich ndi ku Berlin, ndipo alipo amene anena kuti ici cimlungamitsa Ferlini. Ife titi ai, pakuti wogumula manda ndi wothyola citseko nchito yao ndi imodzi, ndipo funso la mwana wa ku Shendi silinayankhidwa. Fano lalikuru la Taharqa, lamwala, analipeza liri ciimire pamalo pace, popeza panalibe wokhoza kulinyamula.